Mkamwini wa pa Damu la Napwiri

Nickson Makina anabadwira m'mbali mwa nyanja n'kukulira pamadzi, koma kusambira sanaphunzire. Kwawo kunali ku Swang'oma, kumwera kwa nyanja ya Chilwa, ndipo amene anafikako akudziwa kuti Chilwa ndi yotambalala ngati chigwa koma si yozama. Bwato amalikankha ndi nsungwi yaitali yogunda matope a pansi. Munthu akagwa m'bwato amangoimirira, madzi n'kumulekeza m'chifuwa, anzake n'kumamuseka. Ndiye kusambira akanaphunzirira chiyani?

Unyamata wake wonse unathera m'zimbowera, tinyumba taudzu toyandama timene asodzi amamanga pakati pa njedza, udzu wautali wa m'madzi. Kumeneko ankatchera miono, kukoka matemba, kuwamba milamba mpaka maso kufiira ndi utsi. Khalidwe lake linadziwika msanga: sankatha kukhala malo amodzi. Akamva kuti nsomba zagwa kuchilumba cha Chisi, kukacha ali ku Chisi. Wina akangotchula kuti kuthamanda la Mpoto kukukodwa makumba akuluakulu, iye wayamba kale kupinda ukonde. Ngakhale pa chakudya mwendo wake umodzi unkangogwedera ngati wa telala, moti anzake ankati dzina la Makina silinamugwere mwangozi.

Edina anamupeza padoko pomwepo. Anali mtsikana wa kumtunda kwa Nkhulambe, m'tsinde mwa phiri, amene ankabwera ndi dengu kudzapikula matemba ouma okagulitsa ku Chiringa. Atakwatirana, Nickson anachita monga mwambo umanenera: anakamanga nyumba kwawo kwa mkazi, pamalo amene apongozi anamulozera. Koma m'nyumbamo ankangogonamo ngati mlendo. Ankabwera ndi nsomba, kuona ana awo awiri, Praise ndi Chikondwero, kugwira khasu masiku angapo, kenako m'mawa wina Edina n'kupeza njinga palibe. Zaka zinapita choncho ndipo banja linazolowera.

Chimene chinamutulutsa kunyanja ndi chilala cha 2018. Madzi anayamba kuthawa pang'onopang'ono, doko n'kumasunthira m'kati, mpaka mabwato anatsala pamatope ong'ambika. Pamene Nickson ankatchera ukonde panayamba kudutsa njinga za kabaza. Anagulitsa ukonde, bwato analisiya kuti dzuwa lilimalize, n'kukwera kumtunda ndi mphasa ndi mbedza zochepa m'thumba. Mvula yamphamvu itadzazanso nyanja chaka chotsatira, analibe chobwerera nacho, ndipo Edina ananena mosabisa.

"Bambo a Praise, ana akukula osakudziwani. Nyanja yakuonetsani kuti si m'bale wanu. Khalani tilime."

Anayesa ndithu. Koma munda sunali wake, unali wa mkazi wake ndi abale ake, ndipo ntchito ya kumunda imafuna munthu wodziwa kudikira. Nandolo ukabzala ndi mvula yoyamba umadzathyola chisanu chitapita, chinangwa nacho chimatenga chaka. Nickson ankaunda mzere theka n'kuima, maso ali kumpoto kumene kuli nyanja. Anayesa kabaza, n'kusiya. Anawoloka ku Mozambique kukagwira maganyu, n'kubwerako mwezi usanathe. Apongozi ake ankangopukusa mutu n'kumati awa ndi mbalame, khola tinawamangira pachabe.

Kumtunda kwa mudziwo kunali damu. Bungwe lina linatseka kamtsinje ka Napwiri ndi khoma ladothi pakati pa zitunda ziwiri, kuti anthu azithirira anyezi, tomato ndi chimanga nthawi yachilimwe. Asanachoke, a bungwewo anathiramo tiana ta makumba, ndipo milamba ndi matemba zinalowa zokha kuchokera mumtsinje. Anthu ankawedza ataima m'mbali n'kumagwira tating'ono tokwana m'dzanja, mpaka anagwirizana kuti nsomba zinakana m'damumo. Nickson ankalidutsa osaliyang'ana kawiri. Kwa munthu wa ku Chilwa, amenewo anali madzi a m'beseni.

Tsiku lina mu Okutobala anatumidwa kukathirira dimba la mkazi wake. Podikira kuti ngalande idzaze, anayamba kuyenda m'mbali mwa damu, pakuti kuima chabe sakanatha. Pamalo ena amchenga, pamene madzi ankalekeza m'mawondo, anaona timaenje tozungulira ngati mbale, tosesedwa bwino. Anagwada. Zimenezo zinali zisa za makumba, ndipo msodzi aliyense amadziwa kuti kukula kwa chisa kumanena kukula kwa mwini wake. Zina zinali ngati lichero. Dimba la Edina linasefukira tsiku limenelo, anyezi n'kukokoloka, iye ali chigwadire.

Wapampando wa komiti ya damu anali Fletcher, mchimwene wake wa Edina, munthu wolankhula pang'onopang'ono amene analima malo amodzi moyo wake wonse. Nickson anamupeza akupopera tomato.

"Alamu, m'damumo muli nsomba zazikulu."

"Zikanakhalamo tikanazidya kale," anatero Fletcher osaweramuka.

"Mukuzifunira m'mbali. Zazikulu zimabwera m'mbali kudzaswana basi, kenako zimabwerera. Ndiloleni ndiikemo bwato."

Fletcher anamaliza mzere wonse asanayankhe. "Ngati zimenezo zingakukhazikeni pakhomo, ikanimo. Koma mukagwira, gawo lina likhale la anthu a sikimu yothirirayi."

Nickson anakhoma kabwato ka matabwa a bulugamu, n'kumata phula m'mipata, n'kudula nsungwi yowongoka bwino. Tsiku loika bwato pamadzi anthu anasonkhana, amayi ochapa anasiya zovala pamiyala kuti aonerere. Anakankha ngati kwawo, ataimirira kumbuyo, bwato n'kumayenda mosalala. Kumene mtsinje umalowera, nsungwi inkagunda mchenga msanga. Pakati inkamira yambiri, komabe inkagunda. Atayandikira khoma anaiponya ndi mphamvu n'kuitsamira monga ankachitira kuyambira ali mwana. Nsungwi sinapeze kanthu. Inangopita, iye n'kuitsatira chamutu.

Anachita chimene thupi lake linkadziwa: anawongola miyendo kuti aimirire. Pansi panalibe. Madzi amene anali ofunda kumaso anali ozizira kumapazi, ndipo kuwala kunayamba kuchepa. Amene anamutulutsa ndi Fletcher, amene anaphunzirira kusambira m'maiwe a kuphiri akuweta mbuzi. Anamukokera kukhoma atamugwira kolala ya malaya. Nickson anasanza madzi anthu akuyang'ana, ndipo palibe anaseka kufikira atatsokomola n'kukhala tsonga. Pamenepo ndiye anaseka onse, ndipo nkhani ya msodzi wa ku Chilwa wovuulidwa ndi mlimi wa anyezi inakafika mpaka kumsika.

Edina ankaganiza kuti zathera pomwepo. Koma chimene chinatsala m'mutu mwa mwamuna wake sanali manyazi, kunali kuzizira kumene anakumva kumapazi. Madzi amodzi, pamwamba ofunda, pansi ozizira. Ku Chilwa mphepo ikawomba imavundula nyanja yonse mpaka matope, madzi n'kukhala ofanana paliponse. Apa panali madzi osanjikizana. Iye amene ankati nsomba amazidziwa anazindikira kuti ankangodziwa kuzifuna m'mbali kapena pakati. Zoti n'kutheka kukhala pamalo oyenera koma mbedza ili pamwamba kwambiri kapena pansi kwambiri anali asanaziganizepo.

Anasema nkhafi, n'kumadzimangirira zigubu ziwiri zopanda kanthu m'chiuno. Anatenga chingwe chachitali, kumapeto kwake anamangako mwala, n'kuika mbedza pa mkwamba uliwonse, ndiko kuti utali wa manja ake atatambasula. Chingwecho ankachitsitsa choimirira, pochikoka n'kuona kuti nyongolotsi yadyedwa pa mbedza iti. Ankasunthasuntha, pano pang'ono, apo pang'ono, m'mawa, masana, madzulo. Kusakhazikika kwake kunapeza ntchito.

Matemba sanamuvute. Ankakhala m'udzu wa m'mbali ndi pamene mtsinje umalowera, m'madzi oti mwana angayendemo, ndipo mvula ikagwa ankakwera mtsinje ochuluka ngati nyerere. Makumba ndiwo anamuzunguza mutu. M'mawa ankawapeza pamwamba penipeni akudya ndere kumene dzuwa layamba kugunda. Dzuwa likafika paliwombo ankasowa, ndipo panapita miyezi asanadziwe kumene ankalowera. Kumbali ya kumadzulo kunali mitengo imene inamira pomanga damu, ndipo makumba ankatsikira m'nthambi zake, mkwamba umodzi kapena iwiri pansi. Ukonde woyamba umene anabwereka unang'ambikira m'mitengo imeneyo. Milamba inkakonda potsetsereka, pamene mchenga umathera n'kuyamba matope, ndipo inkayenda kwambiri madzi akada ndi mvula. Kamodzikamodzi mlamba unkatumphukira pamwamba kudzameza mpweya, n'kubwerera kwawo.

Nsomba zinayamba kutuluka, zazikulu zoti anthu sanakhulupirire kuti zinakulira kuseri kwa madimba awo. Gawo la sikimu ankapereka mosanyinyirika. Edina anatulutsanso dengu lake lija n'kuyambiranso ulendo wa ku Chiringa, ndipo apongozi anasiya kunena za mbalame.

Koma pafupi ndi khoma, pamene anamira paja, mbedza zapansi zinkabwera momwe zinapitira. Nyongolotsi inkatuluka yoyera, yakufa, yosalumidwa ngakhale pang'ono. Anatsitsa botolo lomangirira mwala n'kulitsegula ndi kachingwe lili pansi. Madzi amene linabwera nawo anali ozizira ngati a mumtsuko, onunkha mazira owola. Tsiku lina anaika makumba awiri amoyo m'mono n'kuutsitsa mpaka pansi. Atauvuula patapita kanthawi, onse anali atafa, kukamwa kuli yasa.

Nkhaniyi inamusowetsa mtendere. Anamufotokozera Edina akusenda chinangwa choti ayanike makaka.

"Mayi a Praise, taganizani. Malo ozama kuposa onse, madzi ambiri kuposa onse, koma mulibe chamoyo."

"Ndiye mukufuna mukakhalemo inuyo?"

"Ndikufuna ndidziwe chimene chikuzithamangitsa."

"Nsomba zikugwidwa, ana akudya. Zapansizo zisiyeni pansi."

Sanazisiye. Ankatsitsa botolo lake mwezi ndi mwezi, n'kuona kuti kukatentha kwambiri madzi onunkhawo amakwererako, makumba nawo n'kumapanikizika pamwamba. Ankauza aliyense wopezeka pafupi, ngakhale wobwera kudzamwetsa ng'ombe.

Kusamvana ndi anthu kunayamba chilimwe chotsatira. Kutentha kutafika, alimi ankatsegula paipi yotulutsira madzi m'damu tsiku lililonse, madzi n'kumatsika, zisa za makumba n'kumatsala pamtunda zitauma. Nickson anapita kumsonkhano wa komiti osaitanidwa kukapempha kuti azitsegula modumphitsa masiku. Analankhula mofulumira, akudula anthu mawu, ataimirira pamene ena onse anali pansi. Amene anamuyankha ndi Mayi Eveles, amene dimba lawo linali kumapeto kwa ngalande kumene madzi ankafika movutikira.

"Damu ili dothi lake tinasenza ife, inu muli kunyanja. Tinalimangira mbewu. Mkamwini asatiuze tsiku lothirira."

Nickson anatuluka msonkhano usanathe. Panjira ananena mawu amene anadzamutsata: ngati nsomba sakuzifuna, tsiku lina adzadzuka n'kupeza mulibe.

Mu Juni wa 2021 kunagwa chiperoni choopsa. Nkhungu inatsika m'phiri, kamvula kosalekeza, mphepo yozizira yowomba masiku otsatizana. M'mawa wina amayi opita kukatunga madzi anabwerera akuthamanga. Damu linali litada, likununkha, ndipo pamwamba ponse panali milomo ya nsomba zopuma movutikira. Makumba akuluakulu, amene Nickson ankawabweza m'madzi kuti aziswana, anali atayandama chagada m'mbali mwa khoma. Milamba yokha ndiyo inkaoneka yamphamvu.

Dzuwa lisanakwere, mawu akuti katupe anali atazungulira mudzi. Katupe ndi mankhwala a kutchire amene ena amasinja n'kuthira m'maiwe kuti nsomba ziledzere. Ndani wina ankakhala pa damu yekhayekha? Ndani anati tsiku lina mudzakhala mulibe? Nickson anali m'bwato akutola zakufazo, akutunga madzi m'dzanja n'kumanunkhiza. Fungolo ankalidziwa bwino.

"Fungo ili ndi lapansi," anauza anthu amene anaima pakhoma. "Madzi apansi aja akwera."

Wina anayankha kuti madzi sakwera okha, ndipo ena anavomereza.

Fletcher, posafuna kuweruza mlamu wake payekha, anaitanitsa mlangizi wa za nsomba. Anabwera mayi wina dzina lake Anastazia, panjinga yamoto, patapita masiku angapo, madzi atayamba kale kuyera. Anamvetsera onse, anafunsa Nickson zimene wakhala akuona, kenako anafotokoza pansi pa mtengo wa mango. Anati m'damu lozama, nyengo yotentha madzi ofunda amakhala pamwamba ngati chivundikiro, ozizira n'kutsekeredwa pansi. Masamba, ndowe ndi zonse zokokoloka zimawolera pansipo n'kumaliza mpweya umene nsomba zimapuma, n'chifukwa chake sizitsikako. Tsono chisanu chikaziziritsa madzi apamwamba, amalemera n'kumira, mphepo n'kuvundula zonse, madzi oipa aja n'kufalikira damu lonse nthawi imodzi.

Anthu ankadikira kuti Nickson anene kuti mwamvatu, ine sindinalakwe. Iye anaiwala kuti ali pamlandu. Anasendera pafupi ndi mlangiziyo n'kuyamba kufunsa ngati zimachitika m'madamu onse, ngati mpweya umathera pa mkwamba womwewo chaka chilichonse, ndiponso chifukwa chimene milamba sinafere. Nkhope yake inawala ngati ya munthu amene wapeza mbuzi yotayika. Anthu anaona chisangalalo chimenecho, nsomba zitafa, ndipo sanachikonde.

"Damu lakhala zaka, chiperoni chimabwera chaka ndi chaka, nsomba sizinafepo," anatero Mayi Eveles mlangizi atachoka. "Zayamba kufa titalola bwato."

Nickson anayesa kufotokoza. Anati mwina matope owola akhala akuchulukira pansi, mwina chisanu cha chaka chino chanyanya, mwina kale zinkafa zochepa anthu osaziona. Koma mawu akuti mwina sapulumutsa munthu pamlandu. Komiti inagamula kuti bwato lichoke, ndipo Fletcher ananena chigamulocho akuyang'ana pansi.

Nickson anapirira masiku ochepa pakhomo, akuzungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Kenako anabwerera ku Swang'oma kukakoka nawo khoka la munthu wina. Edina sanamuletse. Anamukonzera kamba wa nyemba za kalongonda ndi makaka, n'kumuuza kuti foni asamaisiye yopanda moto.

Nyanja inali itadzaza, matemba ali mbwee, anzake akale anamulandira bwino. Koma kumene ankakulakalaka zaka zonse zija sikunamukhazike. Ankakoka khoka maganizo ali kumtunda, akudzifunsa ngati makumba otsala aswana, ngati wina wadula mitengo yomira ija madzi atatsika. Anzake akamakamba za kumene nsomba zagwa, iye ankayamba kuwafotokozera za madzi osanjikizana, iwo n'kumayang'anana. Anasintha madoko kangapo chaka chimenecho, ndipo paliponse ankafika ngati wodutsa.

Chisanu chotsatira Edina anamuimbira masana, iye akuyanika matemba pathandala.

"Zafanso," anatero.

"Liti?"

"Dzulo. Fungo lomwe lija. Achimwene ali pano, akufuna akulankhuleni."

Fletcher anayamba ndi moni wautali, kufunsa za nyanja, za mphepo, za thanzi. Kenako anati, "Alamu, bwato lanu tinalisunga pakhonde, silinawole. A Eveles ndi amene anena kuti tikuitaneni."

Kupepesa kunathera pamenepo, ndipo Nickson sanafune kwina. Anabwera mutu utadzaza ndi maganizo. Nsomba zazikulu azizikolola mu Meyi chiperoni chisanafike, mudzi wonse pamodzi. Paipi imene imatunga pansi pa khoma aziitsegula kwambiri kumapeto kwa dzinja, damu likadali losefukira, kuti azitaya madzi onunkha m'malo mwa abwino. Kumtunda kwa mtsinje abzale udzu woti uzitchinga zokokoloka. Komiti inavomera, ndipo ulendo uno analankhula atakhala pansi, ngakhale movutikira. Mayi Eveles ndi amene anatsogolera amayi kubzala udzuwo. Miyezi imeneyo Edina amaikumbukira kuti ndi yokhayo imene mwamuna wake anagona pakhomo mosadumphitsa. Anaphunzirako ngakhale kusambira, kumbali kopanda anthu, Fletcher atamugwira pamimba.

Meyi amene ankamudikirayo anafika damu kulibe. Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy, mvula inagwa masiku osapuma, ndipo phiri linatsika. Akuluakulu anati ndi Napolo. Madzi anabwera ndi miyala ikuluikulu, mitengo ndi mchenga, n'kukwirira damu, n'kung'amba khoma mbali imodzi, n'kupitirira m'madimba ndi m'mudzi. Banja la Nickson linathawira pachitunda pamene pali tchalitchi, ndi zovala za m'thupi zokha. Nyumba yawo inapita. Ena a m'mudzimo sanapezeke mpaka lero, ndipo mmodzi wa iwo ndi Mayi Eveles.

Masiku oyamba, misewu itaduka ndipo thandizo lisanafike, anthu pachitundapo ankadya chinangwa chofukula m'matope. Nickson sankatha kukhala pakati pa anthu olira. Ankatsika m'mawa n'kumayenda m'minda yokwiririka, akupisa dzanja m'zithaphwi zotsala, pansi pa nthochi zogwa ndi m'mphako za magombe ogumuka. Milamba ya m'damu inali itabalalikira momwemo. Ankabwera nayo pa luzi, kuipereka kwa amayi ophika, n'kutsikanso. Tsiku limene anakafika pa damu anapeza bwalo la mchenga ndi miyala, kamtsinje kakuyenda pakati. Anakhala pamwala nthawi yaitali kuposa imene wina aliyense anamuonapo atakhala. Zolikumbanso palibe wazinena, ndipo pano amayi amabzalapo mbatata.

Banjali linapatsidwa malo ena kutali ndi mtsinje, ndipo linamanganso. Nickson, amene tsopano imvi zamuyamba, ntchito yake ndi yonyamula tiana ta nsomba. Alimi amene ali ndi maiwe okumba amamutuma, iye n'kukatenga tianato kwa mlimi wina wa ku Jenala, m'zidebe zomangirira panjinga. Amapalasa mofulumira kuti tisafe, akumaima pamitsinje kusintha madzi. Akafika safulumira kuthira. Amayamba walowa m'dziwemo kuti aone kuya kwake, ndipo akapeza kuti ndi lofanana paliponse amakangana ndi mwini wake. Amati mbali ina ikhale yosaya kuti nsomba ziziswana, ina yozamirako kuti zizithawirako dzuwa ndi mbalame, koma osapitirira muyezo. Ena amamvera, ena amati amalankhulitsa.

Chaka chatha Praise anapeza mwamuna, mnyamata wokonza njinga zamoto ku Migowi. Tsiku lobwera ankhoswe, Edina anaphwetsa tayala la njinga ya Nickson n'kubisa pampu kuti asachoke pakhomo. Pa nkhani zotere bambo salankhula zambiri, amayendetsa ndi malume, ndiye Fletcher ndi amene ankakambirana ndi alendo. Nickson anakhala pampando wake atavala jekete, akuyang'ana kumwamba, akuyang'ana kumsewu, akukanda ndevu.

Nkhani itatha, akumwa thobwa, mmodzi wa alendowo anatchula mongocheza kuti kuseri kwa mudzi wawo kuli chidzenje chimene okonza msewu anasiya atakumba miyala, ndipo sichiphwa ngakhale mu Novembala.

"N'chozama bwanji?" anafunsa Nickson. Kupatula moni, amenewo anali mawu ake oyamba tsikulo.

"Palibe akudziwa, bambo. Ana timawaletsa kupitako."

"Mtsinje umalowamo?"

"Dzinja lokha."

Edina anamuyang'ana, iye n'kuweramira chikho chake. Alendo anawaperekeza bwinobwino mpaka pamsewu. Kutacha Nickson anakabwereka pampu kwa neba, anamangirira chingwe chake cha mbedza chija pakaliyala, n'kunyamuka. Anabwerako mawa lake madzulo atapsa ndi dzuwa.

"Mwapezamo chiyani?" anafunsa Edina akumupatsa madzi.

"Achule, ndi timilamba towonda. Pansi pake ndi mwala wokhawokha, mulibe chakudya." Anamwa madzi onse n'kupukuta pakamwa. "Koma mwini malo akuti akhoza kulola kuti tithiremo manyowa pang'ono ndi nthambi. Ndamuuza kuti ndibweranso ukwati ukatha."

"Ukatha," anatero Edina. "Osati usanachitike."

Nickson anavomera, kenako anafunsa kuti kodi ukwatiwo anagwirizana kuti udzakhale liti.